Mphatso ya ulendo: vocha ya kunyanja, kupaki kapena kuphiri, tisankhe bwanji?

Mlembi wa gulu:
Moni nonse. Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala layandikira, maukwati nawo ali mbwee Loweruka lililonse, ndipo funso lomwe likubwera kwambiri kumbali ndi limodzi: anthu atopa kupereka zitenje, mapoto ndi mabulangete, akufuna kupereka ulendo. Wina akufuna kugulira makolo masiku awiri kunyanja, wina vocha (pepala losonyeza kuti ulendo walipiridwa kale) ya hanimuni, ena ku ofesi akusonkherana kuti atsanzikane ndi mnzawo amene akupuma pa ntchito. Ndati tikambirane pompano kuti yankho limodzi lithandize ambiri. Amene mumadziwa za maloji, mapaki ndi misewu, tiuzeni: munthu ayambire pati, afunse chiyani asanalipire, nanga zimalakwika pati?

Wapanyanja:
Zikomo a Mlembi. Musayambe ndi malo, yambani ndi thumba la wolandirayo. Vocha zambiri zimathera m'kabati, osati chifukwa malowo ndi oipa, koma chifukwa kuti munthu aigwiritse ntchito ayenera kutulutsa ndalama zake zomwe alibe. Pepala lalembedwa kuti anthu awiri, usiku uwiri, bed and breakfast. Chabwino. Nanga akafika bwanji? Nkhomaliro ndi chakudya chamadzulo alipira ndani? Anthu awiri usiku uwiri ndiye kuti mbale pafupifupi 8 zogula okha, ndipo pa loji mbale imodzi ya chambo ndi tchipisi ikhoza kufanana ndi ndiwo za masiku angapo kunyumba. Mayi wachikulire akaona mitengo pa menyu sanena kanthu, amangoti "sindikumva njala", n'kukagona ndi mabisiketi.

Mawu a pa vocha muziwamvetsa. Bed and breakfast ndi chipinda ndi kadzutsa basi. Half board amaonjezerapo chakudya chamadzulo. Full board ndi kudya katatu, koma zakumwa ayi, ngakhale madzi a m'botolo mumalipira padera. All inclusive imasiyana malo ndi malo, kwina muli zakumwa ndi ulendo wa pa boti, kwina mulibe, choncho akulembereni chimodzichimodzi. Mawu ena omwe amagwetsa anthu ndi per person sharing: umenewo ndi mtengo wa munthu mmodzi pamene awiri agona chipinda chimodzi. Mukuyenera kuchulukitsa kawiri, ndipo amene apite yekha amamuonjezera ndalama.

Ngati ndalama zikuperewera, chepetsani masiku, musachepetse chakudya. Usiku umodzi wolipiridwa zonse, ndi thiransipoti yomwe, ukuposa usiku utatu wa chipinda chokha.

Chiwerengero:
Ndionjezere za ndalama. Vocha zilipo za mitundu iwiri ndipo anthu amaziona ngati n'chimodzi. Ina imalembedwa ndalama, mwachitsanzo K300,000 yoti mukagwiritse ntchito pa malo akutiakuti. Ina imalembedwa chinthu: usiku uwiri, anthu awiri, full board, ulendo umodzi wa pa boti. Kuno kwathu gulani yachiwiriyi.

Chifukwa chake ndi kwacha. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Maloji ambiri a m'mapaki ndi ena a kunyanja amawerengera mitengo m'madola. Tiyerekeze chipinda cha madola 200: sabata imeneyo chinachoka pa K236,000 n'kufika pa K340,000. Amene anali ndi vocha yolembedwa K240,000 anafunika kupeza K100,000 ina ya m'thumba mwake. Amene anali ndi yolembedwa kuti "usiku umodzi" anangopita kukagona. Ngakhale kwacha isagwetsedwe, mitengo ya chakudya ndi mafuta ikukwera miyezi ingapo iliyonse, ndiye vocha ya ndalama imasungunuka ili m'envulopu.

Koma onetsetsani kuti pa vocha ya chinthuyo alembapo kuti palibe choonjezera mkati mwa nthawi yake, chifukwa ena amaika kamzere kakang'ono pansi koti mitengo ikhoza kusintha. Funsaninso ngati mtengo womwe akuuzaniwo uli kale ndi msonkho wa VAT ndi tourism levy, womwe ndi msonkho wa zokopa alendo. Akapanda kuphatikiza, wolandira mphatso ndi amene amakumana nazo pa kauntala tsiku lobwerera.

Mlongo wa ku Leeds:
Zikomo akuluakulu, izi zandithandiza kale. Makolo anga ali ku Kasungu, akukwanitsa zaka 40 ali pabanja. Bambo ali ndi BP, mayi amavutika mawondo. Ndikufuna ndilipire ndili kuno ku UK. Ndimaganiza za Cape Maclear pa Tsiku la Anakubala lenilenilo. Mukuona bwanji?

Wapanyanja:
Achemwali, envulopu apatseni pa 15 Okutobala, koma asapite tsiku limenelo. Palibe tsiku lomwe kunyanja kumadzaza ngati limenelo. Mabasi ndi malole amakhuthula anthu ku Senga Bay ndi ku Mangochi kuyambira m'mawa, zoimbira mbali zonse, mowa, malo okhala pamchenga kusowa, ndipo madzulo msewu wobwerera umakhala woopsa. Maloji ambiri salolanso vocha masiku ngati amenewo, pamodzi ndi Pasaka, Khirisimasi, chaka chatsopano ndi sabata ya 6 Julayi. Funsani mndandanda wa masiku oletsedwawo musanalipire.

Kwa anthu achikulire, Lachiwiri mpaka Lachinayi ndiye nthawi yake. Kuli phee, ogwira ntchito ali ndi mpata wowasamala, ndipo malo ena amatsitsa mtengo pakati pa sabata.

Za Cape Maclear: malo ndi okongola, ali mkati mwa Lake Malawi National Park yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wake mu 1984. Boti limakutengerani ku chilumba cha Thumbi, mumaona nsomba za mbuna zamitundumitundu m'madzi oyera, anyamata amaimba likhweru n'kuponya nsomba, nkhwazi n'kutsika kudzaiwakha mukuona. Koma kuchokera ku Kasungu ndi kutali, mudutse Lilongwe, mutsike mpaka Golomoti, Monkey Bay, kenako kamsewu ka m'mapiri kolowera ku Chembe, mudzi wa pa Cape Maclear. Kwa mawondo ovuta tsiku lonse m'galimoto si chisangalalo. Senga Bay kapena gombe la Nkhotakota ndi pafupi. Ndiponso maloji ambiri ku Chembe ali pakati pa mudzi, Loweruka phokoso la mabala limafika m'chipinda.

Adalaivala:
Ndikugwirizana nazo. Lilongwe kukafika Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 120, maola awiri ngati simukuthamanga. Kagalimoto kakang'ono kupita ndi kubwera werengerani malita 25, muonjezere 5 oyendera konko. Nthawi yomwe mafuta akusowa musadalire kuti akathira ku Salima, anyamuke thanki ili yodzaza. Ngati mukuhaya galimoto, gwirizanani zinthu zinayi: mafuta ndi a ndani, dalaivala agona kuti, adya chiyani, ndipo galimoto ikawonongeka panjira ndani atumize ina. Nkhani ya kogona dalaivala ndi yomwe imaiwalika nthawi zonse. Maloji ena ali ndi zipinda za madalaivala, ena alibe, ndiye makolo amayamba kuchita manyazi n'kumugawira chakudya chawo.

Anyamuke m'mawa. Zipinda amapereka cha m'ma 2 koloko masana, potuluka ndi cha m'ma 10 m'mawa. Munthu wonyamuka 1 koloko masana n'kufika mdima uli bii ndiye kuti usiku woyamba walipirira tulo tokha.

Chiwerengero:
Pa kulipira muli kunja, achemwali, pali misampha iwiri. Woyamba ndi mtengo. Malo ambiri ali ndi mtengo wa mlendo wochokera kunja ndi wa nzika kapena wokhala m'dziko muno, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Mukalemba uthenga ndi nambala ya +44 osafotokoza, akupatsani mtengo wa mlendo. Nenani pachiyambi pomwe kuti ogona ndi Amalawi okhala ku Malawi, ndipo makolo anyamule ziphaso zawo za unzika, chifukwa pa geti la paki ndi pa kauntala amazifunsa. Maina pa vocha alembedwe monga alili pa chiphaso, osati dzina lomwe mumawatchula pakhomo.

Wachiwiri ndi akuba a pa Facebook. Amatenga zithunzi za loji yeniyeni, kutsegula tsamba lofanana dzina, kulengeza zotsitsa mtengo ndi theka, n'kupereka nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu wamba. Njira yake ndi iyi: nambala ya malowo ipezeni kuchokera kwina, osati pa tsamba lomwe mwaona malondawo. Imbani, pemphani invoice yokhala ndi dzina la bizinesi, ndipo dzina la akaunti ya ku banki lifanane ndi la pa invoice. Mukalipira pemphani lisiti ndi nambala ya vocha, kenako pakatha masiku awiri imbaninso ngati munthu wina mufunse ngati nambala imeneyo ili m'mabuku mwawo. Funsaninso ngati ali ndi laisensi ya boma ya zokopa alendo ya chaka chino. Ngati muli ndi m'bale pafupi, apite akaone ndi maso.

China, musatumize ndalamazo kwa makolo pa Mukuru kuti akalipire okha. Okutobala ndi mwezi wa feteleza. Palibe amene angawadzudzule, koma ulendowo sudzachitika.

Nachisale wa pa Mitundu:
Apa a Chiwerengero mwakhudza penipeni, koma ine ndipotoze pang'ono. Ngati makolo sanagule feteleza, ulendo wa kunyanja suwakomera. Akhala pamchenga akuwerengera matumba omwe ndalama imeneyo ikadagula. Yambani mwatseka pamenepo, kenako ulendo. Ndipo muone kalendala ya kumunda: Disembala ndi Januwale ndi kubzala, kupalira ndi kuthira feteleza, Epulo ndi Meyi ndi kukolola, kwa alimi a fodya a ku Kasungu ndiye ntchito imapitirira mpaka msika. Mlimi amapuma mtima kuyambira Julayi mpaka mvula isanayambe.

Pali zina zazing'ono zomwe ana a m'tauni saziganizira. Pakhomo atsala ndani? Nkhuku, mbuzi, zidzukulu za sukulu. Musanagule vocha pezani munthu woti adzagone pakhomopo. Za chipembedzo nazo: a Seventh Day musawakonzere boti Loweruka, Asilamu funsani ngati nyama ndi ya halaal ndipo pewani mwezi wa Ramadan, ndipo bambo amene ndi mkulu wa mpingo sangalole kujomba Lamulungu la mgonero chifukwa cha nyanja. Funsaninso ngati kukhitchini amaphika nsima. Zikumveka zoseketsa, koma pali maloji omwe menyu yake ndi ya azungu yokhayokha, ndipo munthu wa zaka 70 akadya pasta masiku awiri amabwerako akunena kuti mwamugoneka ndi njala. Auzeni pobukitsa, ambiri amaphika akadziwiratu.

Chachikulu koposa ndi maliro. Sapangana tsiku. Vocha yomwe salola kusintha deti si ya Mmalawi. Alembe kuti mukhoza kusintha kamodzi kapena kawiri popanda chindapusa, ndipo muwauze masiku angati zisanachitike.

Anesi:
Za BP ndi mawondo. Okutobala ndi Novembala kunyanja kumatentha kwambiri, makamaka Mangochi ndi Salima. Funsani ngati chipinda chili ndi fani kapena AC, ndipo funso lotsatira likhale loti magetsi akazima chimayendetsa n'chiyani, jenereta kapena sola, komanso ngati jeneretayo imayaka usiku wonse. Ambiri amazimitsa cha m'ma 10 usiku. Kwa odwala shuga amene amabaya insulin funso limeneli ndi la furiji.

Funsani masitepe. Pa zithunzi saonetsa kuti kuchoka kuchipinda kupita kodyera pali masitepe 40 a miyala. Ku Nkhata Bay maloji ambiri anamangidwa pa matsitso, okongola koma osayenera mawondo ovuta. Pemphani chipinda chapansi, choyandikana ndi kodyera, chokhala ndi shawa yongolowa osati bafa lokwera. Auzeni akujambulireni kanema pa WhatsApp akuyenda kuchokera poimika galimoto mpaka m'chipindamo. Ndi mphindi ziwiri zokha ndipo muona zonse.

Mankhwala anyamule a masiku onse ndi ena awiri apadera, pamodzi ndi buku la kuchipatala. Neti ikhale yopanda zibowo, malungo kunyanja ndi chaka chonse. Ngati inu a ku Leeds mudzapite nawo ndi ana, imwani mankhwala oteteza malungo: munthu akakhalitsa kunja thupi limaiwala, ndipo ana obadwira kumeneko alibiretu chitetezo. Amene asambe m'nyanja, makamaka pafupi ndi midzi ndi m'mabango, akumbukire likodzo. Pakatha masabata 6 mpaka 8 apite kuchipatala akayezetse kapena akalandire praziquantel, kumwa tsiku lomwelo mwatuluka m'madzi sikuthandiza chifukwa tizilomboto timakhala tisanakhwime.

Boti lopanda ma life jacket okwanira aliyense asakwere, ngakhale alipira kale.

Wapanyanja:
Pa kanema wa pa WhatsApp a Anesi anenawo, auzeni ajambulenso gombe. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri, maloji angapo ku Mangochi, Salima ndi kwina analowedwa madzi, mchenga womwe uli pa zithunzi zakale kwina unamira. Musagule chithunzi cha 2019.

Mphepo nayo. Mwera umaomba kwambiri Juni mpaka Ogasiti, nthawi zina masiku atatu osaleka, ndipo ku Senga Bay mafunde amakula moti maboti sapita ku chilumba. Cape Maclear ndi yobisalako ku mwera chifukwa gombe lake linayang'ana kumpoto chakumadzulo. Ngati pa vocha pali boti, palembedwe chomwe chichitike nyengo ikakana: kusuntha tsiku, kapena kubweza ndalama ya botiyo.

Wamtchire:
Bwanji aliyense akungonena nyanja? Kwa makolo amene sangayende kwambiri, palibe mphatso yoposa boti la pa Shire ku Liwonde. Mumakhala pansi maola awiri, pamthunzi, mvuu zikupuma pafupi, ng'ona zili gada pamchenga, njovu zikumwa madzi kutsidya. Palibe kugwedezeka ngati m'galimoto ya game drive, yoonera nyama m'paki, yomwe kwa munthu wa msana kapena mawondo ndi chilango, ndipo kukwera kwake n'kwa makwerero.

Paki ya Liwonde ili m'manja mwa bungwe losamalira mapaki la African Parks kuyambira 2015, mikango inabwezeretsedwa mu 2018, zipembere zina zinabwera kuchokera ku South Africa mu 2019. Koma musalonjeze munthu kuti akaona mkango kapena chipembere. Njovu, mvuu, ng'ona, njiri ndi nswala, zimenezo n'zosakayikitsa m'chilimwe. Majete ku Chikwawa, yomwe African Parks inayamba kuyendetsa mu 2003, ili ndi zonse zisanu zikuluzikulu, njovu, njati, chipembere, mkango ndi kambuku, ndipo ndi makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Blantyre, moti mukhoza kupita ndi kubwera tsiku limodzi. Koma kuchigwa mu Okutobala kumafika madigiri 40. Munthu wa BP mupititseni Juni, Julayi kapena Ogasiti.

Zofunsa pa vocha ya kupaki ndi izi. Ndalama ya pa geti ilimo? Imalipiridwa pa munthu pa tsiku, galimoto nayo ili ndi yake, ndipo kawirikawiri siikhala mu mtengo wa loji. Lojiyo ili mkati mwa paki kapena kunja kwa geti? Maulendo angati alimo, chifukwa "activities available" sikutanthauza kuti alipiridwa. Ana azaka zingati amaloledwa, pakuti kuyenda pansi ndi asilikali a nyama salola ana aang'ono, ndipo malo ena salandira ana n'komwe. Mageti amatseka dzuwa likamalowa, wochedwa amagona panja.

Dzinja, Januwale mpaka Malichi, misewu ya mkati mwa Liwonde ndi makande okhaokha, ina amaitseka, udzu umatalika, nyama zimabalalika chifukwa madzi ali paliponse. Mitengo imatsika nthawi imeneyo, ndiye vocha yotchipa modabwitsa muione bwino ngati si ya miyezi imeneyi yokha. Kwa wokonda mbalame ndi nthawi yabwino. Kwa agogo ofuna kuona njovu, ayi.

Mlongo wa ku Leeds:
Koma a ku Kasungu si ali ndi paki yawo pakhomo?

Wamtchire:
Ali nayo, ndipo mu 2022 kunapita njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Koma mlimi wa m'mphepete mwa pakiyo njovu amaidziwa ngati mdani wa chimanga, osati chinthu cholipirira kuti uchione. Muwadziwe makolo anu. Ngati nyanja sanaionepo bwinobwino, nyanja ipambane.

Mwana wa Mlomwe:
Ndilankhuleko za phiri, chifukwa masiku ano achinyamata akupatsana "ulendo wa ku Sapitwa" ngati mphatso ya tsiku lobadwa kapena yomaliza maphunziro. Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya phiri la Mulanje, ndi mamita 3,002, ndipo si ulendo wa tsiku limodzi kwa munthu wamba. Ambiri amatenga masiku atatu: kukwera kuchokera ku Likhubula, kugona m'nyumba ya paphiri ya Chisepo, kulawirira pamwamba, kubwerera, kenako kutsika. Chigawo chomaliza ndi chokwawa pa miyala ndi manja, kulowa m'mipata ya matanthwe. Chiperoni chikabwera simuona mnzanu ali pa mamita asanu, ndipo anthu anasowapo paphiri limeneli. Popanda gaidi musayerekeze.

Vocha ya kuphiri ifotokoze: gaidi masiku angati, onyamula katundu angati, ndalama ya pa geti, ndalama ya nyumba zogona, ndi chakudya. M'nyumba za pamwambazo, monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani, muli mlonda amene amakupezerani nkhuni ndi madzi, koma chakudya ndi zofunda n'zanu. Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka madzi kuundana. Wolandira mphatsoyo ali ndi nsapato zogwira pansi? Jekete? Ngati alibe, mwamupatsa ngongole. Nsapato zatsopano zogula dzulo lake zimatupitsa matuza pa ola lachiwiri, azivale sabata ziwiri zisanachitike.

Munthu amene sanakwerepo phiri mugulireni zochepa. Kuchokera ku Likhubula kupita pa Dziwe la Nkhalamba ndi pafupifupi ola limodzi, mathithi, kudya pa thanthwe, n'kubwerera. Madzi ake ndi ozizira komanso akuya, wosadziwa kusambira angoviika mapazi. Amene ali ndi mphamvu pang'ono, usiku umodzi ku Chambe, maola atatu kapena anayi kukwera. Akakonda adzapita yekha ku Sapitwa.

Wakumpoto:
Kwa a hanimuni, Ilala mpaka ku Likoma. Sitima ya 1951, kugona mu kabini, kudzuka nyanja mbali zonse, kukaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa chilumba. Palibe hotela ingapose zimenezo.

Adalaivala:
Achimwene, kukoma kwake sindikutsutsa, koma ngati vocha ya ukwati ayi. Ilala imayenda kamodzi pa sabata, imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, ukwati ndi Loweruka. Yapita kale. Nthawi yofika imasintha ndi katundu ndi mphepo, nthawi zina amaiimika kuti aikonze. Madoko ambiri sitima imaima patali, anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono pamodzi ndi matumba a ufa ndi usipa, n'kumaliza ndi kuyenda m'madzi. Munthu amene wapatsidwa masiku asanu ku ntchito akhoza kujomba Lolemba. Imeneyo ndi mphatso ya munthu wa nthawi yambiri, wopuma pa ntchito amene miyendo ikadali yolimba.

Wakumpoto:
Pa za Lachisanu mwandigwira. Ndiye Nyika, koma ndinene ndekha zovuta zake musanandigwirenso. Kuchokera ku Rumphi kukafika ku Chelinda, komwe kuli malo ogona m'pakiyo, ndi maola atatu kapena anayi pa msewu wafumbi kudzera pa geti la Thazima, galimoto ikhale yokwera, dzinja ikhale 4x4, ndipo mafuta athiridwe okwanira kupita ndi kubwera. Vocha ya ku Nyika yopanda galimoto ndi pepala chabe. Ndipo usiku uwiri ndi wochepa, chifukwa tsiku loyamba ndi lomaliza zimathera mumsewu. Utatu. Kumeneko ndi pamwamba kupitirira mamita 2,000, mbidzi zikudya pa udzu ngati ng'ombe, moto wa nkhuni m'chipinda, Januwale ndi Febuluwale maluwa ali waa. Akwati omwe anakulira kotentha anyamule majuzi enieni.

Nachisale wa pa Mitundu:
Za maukwati ndinenepo. Vocha ya hanimuni musaikepo deti la usiku wa ukwati musanafunse eni ake kapena wapampando wa komiti. Kawirikawiri usiku umenewo wina analipira kale, Lamulungu m'mawa akwati akufunika kutchalitchi, masana kuwerenga za pelekanipelekani, kubweza mipando ndi madiresi obwereka, kutsanzikana ndi alendo ochokera kumudzi, ankhoswe nawo ali ndi mawu awo. Vocha yotseguka ya miyezi 12 ndiyo yabwino, adzasankhe okha. Ya miyezi itatu ndi yaifupi, ya 6 ndiye malire. Muganizirenso kuti pakatha miyezi ingapo mkwatibwi akhoza kukhala woyembekezera, choncho kukwera mapiri ndi mahatchi si zoti mumangirire pa vocha yotere.

Envulopuyo musaiponye mu lichero pa pelekanipelekani. Makashiya akuthamanga ndi ndalama, pepala limasochera m'makatoni a mphatso. Perekani m'manja tsiku lina, ndipo chithunzi chake muwatumizire pa foni.

Mwana wa Mlomwe:
Komanso si mphatso iliyonse yofuna kugona. Kwa a ku Blantyre, kulawa tiyi ku Satemwa ku Thyolo, esiteti ya 1923, n'kudya nkhomaliro pakati pa minda. Ku Zomba, kukwera phiri pa galimoto, Emperor's View pomwe anaimapo Haile Selassie mu 1965, mathithi a Williams, kugula zipatso m'mbali mwa msewu. Kwa a ku Lilongwe, Dedza Pottery ndi zojambula za pa miyala za Chongoni, kapena kutsetsereka mpaka ku Mua kukaona malo a zachikhalidwe a Kungoni ndi nyumba ya Chamare yomwe muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana. Ku Kuti ku Salima kulibe zilombo zolusa, ana amayenda pa njinga pakati pa mbidzi. Zimenezi mumalipira galimoto, geti ndi chakudya, ndipo agogo amagona pa bedi lawo, zomwe ambiri a iwo amakonda kuposa mmene timaganizira.

Wapanyanja:
Wina wandifunsa kumbali za kosi ya scuba, kusambira pansi pa madzi mutanyamula botolo la mpweya, ngati mphatso ya womaliza ku yunivesite. Imachitika ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear, masiku ngati anayi. Koma kuti alandire satifiketi ya PADI, bungwe lophunzitsa scuba, ayenera kusambira mamita 200 osapuma ndi kuyandama mphindi 10, ndipo pali fomu ya zaumoyo yomwe imafunsa za mphumu, mtima ndi makutu. Funsani kaye ngati munthuyo amasambira. Ngati ayi, mugulireni ya tsiku limodzi yoyeserera ndi mlangizi, kapena magalasi oonera pansi pa madzi ndi life jacket.

Mlembi wa gulu:
Funso lomaliza lachokera kwa a ku ofesi aja. Asonkha anthu 14, akufuna kudziwa ngati wopuma pa ntchitoyo angapereke vochayo kwa mwana wake akakanika kupita, komanso chomwe angachite malowo akadzakana kuilandira.

Chiwerengero:
Kupereka kwa wina kumatheka pokhapokha zitalembedwa pa vochapo kuti transferable, apo ayi pa kauntala amayang'ana dzina ndi chiphaso basi. Pemphani mzere umenewo tsopano, musanalipire, nthawi yomwe akukufunani. Pemphaninso kuti alembe chomwe chichitike malowo akatsekedwa kapena akagulitsidwa, chifukwa mwini watsopano amakonda kunena kuti za mwini wakale sakuzidziwa.

Munthu mmodzi yekha pa anthu 14 aja ndiye alankhule ndi loji, ndipo asunge invoice, umboni wa ku banki, lisiti ndi mauthenga onse a pa WhatsApp. Zomwe mwagwirizana pa foni muzilembe mu uthenga, iwo ayankhe kuti eya. Akadzakana, yambani ndi kalata kwa manijala, zikakanika dandaulo limapita ku bungwe la boma loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, ndipo kumeneko chomwe adzafunse ndi mapepala amenewa.

Pa ndalama zomwe mwasonkha musathere zonse pa vocha. Patulani gawo limodzi mwa magawo anayi likhale la m'manja: mafuta, geti, zakumwa, ndi kangachepe kothokozera operekera zakudya ndi woyendetsa boti, m'ma K2,000 ndi K5,000 kuti asavutike ndi chenje. Muike mu envulopu yachiwiri yolembedwa kuti "za panjira". Pa khadi lembani ndi zilembo zikuluzikulu tsiku lomwe vocha ithere mphamvu, nambala yoimbira pobukitsa, ndi kuti aimbe masabata atatu lisanafike tsiku lomwe akufuna. Yemwe wasunga mapepala uja aike chikumbutso mu foni yake, miyezi iwiri vocha isanathe awaimbire akuluwo n'kuwafunsa ngati asankha deti.